Agalu a pakhomo limodzi akayamba kulumana, yambani mwaunika wolumidwayo

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tikambeko za makomo omwe amasunga agalu awiri, atatu kapena kuposa apo. Poopa akuba, makomo otere alipo ambiri, ndipo mafunso omwe eni ake amabwera nawo kwa ogwira ntchito za ziweto amakhala omweomwewo. Agalu akulira limodzi, adyera mbale imodzi zaka ziwiri, lero bwanji akufuna kuphana? Wamphongoyu bwanji akukwera wamphongo mnzake? Uyu bwanji sakuleka kunyambita khutu la uyo? Mayankho a m'makwalala ndi awiri: ena amati ndi malodza, ena amati galuyo wasowa chikwapu. Mayankho onsewa aphetsa agalu osalakwa, ndipo nthawi zina aika ana a pakhomo pachiswe.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Agalu ogwirizana akasintha khalidwe, chilipo chomwe chasintha, kaya m'thupi mwa mmodzi wa iwo, kaya m'kakonzedwe ka pabwalo. Ndipo kawirikawiri wofunika kumugwira n'kumuunika ndi wolumidwayo, chifukwa anzake angathe kumva fungo la matenda ake mwini asanaone kanthu.

Tiyambe ndi chomwe chingaphe munthu. Galu wofatsa akayamba kuluma anzake popanda chifukwa chooneka, osadzuma n'komwe, n'kumalumanso unyolo, matabwa a khola kapena miyala, ganizirani chiwewe kaye. Akauwa mawu amasasa, dovu limachucha, ndipo nthawi zina chibwano chimangolendewera ngati fupa lamuima pakhosi. Apa ndi pomwe ambiri amadzitengera tsoka, polowetsa dzanja m'kamwa kuti achotse fupa lomwe mulibe. Chiwewe china chimabwera mwakachetechete: galu amabisala kumdima, miyendo yakumbuyo n'kuyamba kufooka. Kuchokera tsiku lomwe galu walumidwa mpaka zizindikiro kuoneka pamapita masabata awiri mpaka miyezi itatu, nthawi zina kuposa, choncho mwini amakhala ataiwala kale za usiku uja galu wake anadumpha mpanda n'kubwerako ndi bala pakhutu. Zizindikiro zikangoyamba, galu safika patali, amafa masiku 10 asanathe. Mutsekereni yekha pamalo poti sangatuluke, osamukhudza, ndipo dziwitsani a zaziweto tsiku lomwelo. Musamuphe pomuphwanya mutu, chifukwa ubongowo ndi womwe amauyeza ku labotale. Za anzake omwe walumana nawo, a zaziweto ndiwo agamule, ndipo chiweruzo chimadalira kwambiri ngati anabayitsa katemera. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa pa nkhondoyo, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo afe. Katemera wa agalu amabayidwa kuyambira miyezi itatu ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Bungwe la Mission Rabies, lomwe linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, limayesetsa kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse, chifukwa pamlingo umenewo matendawa amasowa podutsa. Pakhomo panu mlingo ukhale agalu onse, osasiya ndi mmodzi yemwe.

Chosokonezeka ndi chiwewe ndi poizoni. Kusiyana kwake n'kwakuti chiwewe chimayamba ndi galu mmodzi ndipo chimakula m'masiku, pomwe tameki woponyedwa mu nyama amagwira agalu angapo nthawi imodzi, ola lisanathe: dovu, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera, timaso takuda tapakati n'kuchepa ngati nsonga ya singano. Izi zimafuna jakisoni wa atropine mwamsanga. Musathire mkaka kapena mafuta ophikira m'kamwa mwa galu yemwe akuphupha, zimalowa m'mapapo. Zina zofanana nazo zimachitika agalu akasambitsidwa mankhwala a dibi osungunula mopyola muyeso, kenako n'kusiyidwa kuti azinyambitana. Akasamba, aliyense akhale payekha mpaka ubweya uume.

Mukatsimikiza kuti si zimenezi, mutengeni wolumidwayo, kapena yemwe anzake akumupewa, mumuunike kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Kwezani mlomo muone nkhama. Ziyenera kukhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala mtundu uyenera kubwerera masekondi awiri asanathe. Nkhama zotuwa kapena zachikasu, makamaka kwa galu wa nkhupakupa zambiri yemwe waleka kudya, zimaloza matenda obwera ndi nkhupakupa, omwe amatha magazi msanga. Kutentha kwa thupi la galu wabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2 mukayeza kumalo ochitira chimbudzi; kukapitirira 39.5 galuyo akudwala. Nunkhizani m'makutu. Pisani pakati pa zala za kumapazi. Dinani pang'onopang'ono msana ndi chiuno muone pomwe akudzidzimuka. Nthawi ya dzinja yang'anani timatuza tokhala ndi kabowo pakati, chifukwa ndi mphutsi zolowa pakhungu, zomwe ntchentche zimaikira mazira ake padothi lonyowa ndi mkodzo, m'makola momwemo. Pakani Vaseline pakabowopo kuti mphutsiyo isowe mpweya, kenako finyani mofatsa ituluke yathunthu.

Kuunikaku kumayankhanso funso la kunyambita. Galu wamng'ono akamanyambita milomo ya wamkulu, makutu atagoneka, ndi ulemu chabe, khalidwe lochokera ku ukhanda pomwe ana amapempha chakudya kwa mayi wawo. Koma galu akakakamira malo amodzi pathupi la mnzake, khutu lomwelomwelo kapena pansi pa mchira tsiku ndi tsiku, pitani mukaone pamalopo. Nthawi zambiri mupeza mafinya, bala lobisika mu ubweya, kapena chotupa. Ndipo kunyambitako sikuchiza ayi. Khutu lonyowa nthawi zonse limaola mopitirira.

Galu wodwala amakwiya msanga, ndipo anzake samumvetsa. Taonani galu wokalamba. Agalu akuluakulu olondera amayamba kukalamba ali ndi zaka 7 kapena 8. Nyamakazi imamugwira m'chiuno, makutu amagontha, maso amachita khungu. Mnzake akamugunda posewera amamva ululu n'kudzuma. Mnzake akamuchenjeza kuti achoke pakhomo la khola, iye samva, saona, amangoima, ndipo kwa galu kuima chilili utachenjezedwa ndi kuputa nkhondo. Mwini amaona ngati wamng'onoyo wachita chipongwe mwadzidzidzi, pomwe vuto lili m'chiuno ndi m'makutu mwa nkhalambayo. Choopsa kwambiri pa gulu limeneli ndi khunyu. Galu akagwa n'kumaphupha, anzake omwe amagona naye mwamtendere angathe kumuukira n'kumupha. Galu woti anagwapo khunyu asamatsekeredwe limodzi ndi anzake popanda munthu pafupi, ngakhale atakhala kuti ndi ana a mimba imodzi.

Ngati onse ali bwino m'thupi, werengani zaka. Galu amatha msinkhu wobereka ali ndi miyezi 6 mpaka 12, koma nzeru zake zimakhwima pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu. Pa nyengo imeneyi kagalu kaja kankagona chagada pamaso pa wamkulu kamaleka kugonja. Kamaika chibwano pamapewa a mnzake, kamaima pakhomo kumutsekereza, kamakodza pomwe wamkulu wangokodza kumene. Ndewu zambiri za agalu okulira limodzi zimayambira apa. Atambala awiri salira m'khola limodzi, anthu amatero, ndipo amayembekezera zovuta kwa amphongo okha. Chodabwitsa n'chakuti amphongo kawirikawiri amachita phokoso lalikulu koma mabala ochepa, akatero n'kupatsana malire. Ndewu zomwe zimathera kwa dokotala, zosakhululukirana, nthawi zambiri zimakhala za aakazi awiri. Wofuna galu wachiwiri achita bwino kusankha wosiyana ndi yemwe ali naye, wamkazi kwa wamphongo, n'kutseketsa kubereka.

Pano tidandauleko pang'ono za mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok omwe amaphunzitsa kugwetsa galu chagada n'kumupanikiza pakhosi kuti adziwe bwana. Maganizo amenewa anachokera pa mimbulu yomwe katswiri wa zinyama Rudolph Schenkel anaiona itatsekeredwa kumalo osungira nyama ku Basel, m'dziko la Switzerland, n'kulemba za iyo mu 1947. Katswiri wina, David Mech, yemwe poyamba anafalitsa maganizowa, anadzafotokoza mu 1999 kuti mimbulu yam'tchire imakhala ngati banja, makolo ndi ana awo, osati gulu lolimbirana ufumu. Kupanikiza galu kumangomuopseza, ndipo galu wamantha ndiye amaluma. Chimodzimodzi kumenya galu chifukwa wadzuma. Kudzuma ndi chenjezo. Mukamumenya nthawi zonse akadzumira kagalu komusowetsa mtendere, amaphunzira kusachenjeza, tsiku lina n'kungoluma.

Tsopano za nyengo ya wamkazi yofuna wamphongo, yomwe imasokoneza bwalo lonse. Imabwera pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Masiku 9 oyamba, mongoyerekeza, amatupa ndi kutaya magazi koma amakana amphongo, ndipo amawaluma akamuyandikira. Masiku ena 9 otsatira magazi amachepa, mwini n'kuganiza kuti zatha, pomwe ndi nthawi yeniyeni yotenga bere. Mupatuleni masabata atatu athunthu, ndipo anayi ndi abwino koposa. Pa nthawiyi amphongo a pakhomo amakana chakudya, amalira usiku wonse, amakumba pansi pa mpanda, amamenyana okhaokha. Kulira kwa usiku kumene ena amati kukulosera maliro, kawirikawiri kumakhala kuti wamkazi wa kwa aneba wafika nyengo, ndipo galu mmodzi akayamba kulira anzake amangoyankha. Akakwerana n'kumatirirana, asiyeni. Chiwalo cha wamphongo chimatupa kutsinde chili m'kati, ndipo chimaphwa chokha pakatha mphindi 5 mpaka 30. Kuwathira madzi otentha, kuwagenda kapena kuwakoka kumavulaza onse awiri, ndipo sikuletsa bere. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63.

Patatha mwezi umodzi kapena iwiri nyengoyi itadutsa, wamkazi yemwe sanakweredwe n'komwe angayambe kukumba chisa, mawere n'kutuluka mkaka, n'kumasonkhanitsa nkhwaira ndi timabotolo kumazilondera ngati ana. Mnzake akayandikira amalumidwa. Ili ndi bere labodza, ndipo limatha lokha m'masabata awiri kapena atatu. Chotsani zomwe akusonkhanitsazo iye ali kwina, ndipo musamukame, chifukwa kukama kumachulukitsa mkaka. Koma pa nyengo yomweyi khalani tcheru ndi china choopsa: akamamwa madzi ambiri, akufooka, mimba ikutupa kapena akutuluka mafinya kumaliseche, anzake n'kumamununkhiza mosalekeza, ndiye kuti chiberekero chingakhale chitadzaza mafinya, ndipo pamafunika opaleshoni mwachangu. Jakisoni wolera wa anthu, yemwe ena amabaya agalu, amachulukitsa ngozi ya matenda amenewa. Wamkazi woyamwitsa naye apatsidwe malo akeake masabata atatu oyamba. Akamadya chimbudzi cha ana ake pa nthawiyi musadabwe, ndi momwe amayeretsera chisa. Agalu akuluakulu akamadyerana chimbudzi, tolani chimbudzicho kawiri patsiku, onjezani chakudya ngati n'chochepa, ndipo apatseni mankhwala a njoka za m'mimba onse tsiku limodzi, miyezi itatu iliyonse.

Palinso chotupa chofiira, chonga kolifulawa, chotuluka magazi kumaliseche kwa wamphongo kapena wamkazi. Ndi khansa yopatsirana pokwerana, yofala mwa agalu oyendayenda, ndipo imafika kumphuno ndi kukamwa kwa anzake omwe amanunkhiza ndi kunyambita. Imachizika bwino ndi jakisoni wa vincristine, kamodzi pasabata, kawirikawiri kwa masabata anayi mpaka 6. Wodwalayo apatulidwe mpaka chotupa chithe.

Za kukwerana kwa amphongo okhaokha kapena aakazi okhaokha sitichedwapo. Ngakhale tiagalu ta masabata 6 timachita, ngakhale ofula amachita. Ndi kutengeka mtima, monga alendo akabwera kapena masewera akatentha. Wokweredwayo akakhala kuti sakusamala, zisiyeni. Akauma thupi kapena kudzuma, muitaneni wokwerayo, mumupatse mphindi ziwiri payekha.

Chomwe chatsala ndi kakonzedwe ka pabwalo, ndipo apa eni agalu tili ndi mlandu. Pakhomo pambiri agalu amadya kamodzi patsiku, usiku, nsima ya mgaiwa yothiridwa mu beseni limodzi, ndi fupa limodzi pamwamba. Wamphamvu amadya, wofooka amanyambita beseni, ndipo onse amaphunzira kuti mnzako ndi wokulanda. Aliyense akhale ndi mbale yake, kawiri patsiku, motalikirana mamita atatu kapena kuposa, ndipo omwe analumanapo adyere mbali ziwiri za chitseko. Pakatha mphindi 15 chotsani mbale zonse, ngakhale zopanda kanthu, chifukwa galu amalondera ndi mbale youma yomwe. Nsima yokha siikhutitsa galu; sakanizani bonya kapena usipa wopanda mchere wambiri, ndipo ndiwo za anyezi wochuluka musawapatse, anyezi amawononga magazi a galu. Fupa liperekedwe kwa aliyense ali yekha, ndipo mafupa ophika a nkhuku ayi, amasweka n'kubaya matumbo. Ziwiya za madzi zichuluke kuposa agalu: agalu atatu, ziwiya zinayi.

Kenako khola ndi geti. Agalu otsekeredwa usana wonse m'kakhola kamdima, potsata chikhulupiriro choti atero amalusa, amatuluka madzulo mtima uli m'mwamba, onse kupanikizana pakakhomo kamodzi. Ndewu zambiri zimabuka pa mphindi imeneyo. Atulutseni mmodzimmodzi, kusiyanitsa mphindi ziwiri kapena zitatu. Pageti napo, galimoto ikaliza hutala kapena galu wachilendo akadutsa kunja, agalu amathamangira pamodzi, ndipo yemwe walephera kufikira mdani wakunjayo amatembenukira mnzake wapambali. Mwini amati amenyana popanda chifukwa, pomwe chifukwacho chadutsa mumsewu. Tsekani mipata ya geti ndi lata kapena mphasa kuti asamaone kunja. Musamangirire mmodzi pa unyolo mnzake ali womasuka, chifukwa womangidwayo alibe kothawira, chomwe chamutsalira ndi mano. Ndipo kagalu kogula m'mbali mwa msewu kali ndi masabata anayi kapena asanu kamakhala katalandidwa sukulu yake. Kagalu kayenera kukhala ndi mayi wake ndi abale ake mpaka masabata 8, chifukwa ndi komwe kamaphunzira kuluma mosapweteka ndi kumva chenjezo la anzake.

Si phokoso lonse lomwe ndi ndewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Osewera amagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, amasinthana wothamangitsa ndi wothamangitsidwa, amapumira pakati, matupi ali ofewa, kukamwa kuli yasa. Ofuna kumenyana amauma gwa, amatseka pakamwa, amayang'anitsitsana, mchira uli chilili, nthawi zina ukugwedezeka pang'ono kunsonga, zomwe ambiri amaziyesa chisangalalo. Mukakayika, gwirani wothamangitsayo masekondi angapo. Mnzake akabwerera kudzamuputa, anali masewera. Akathawa kukabisala kapena kudzikutumula n'kuchoka, anali akuzunzidwa.

Ndewu yeniyeni ikabuka, manja asayandikire mitu kapena makolala, ndipo ana alowe m'nyumba. Kukuwa ndi kumenya kumangokolezera. Khuthulani ndowa ya madzi ozizira pamitu, ponyani bulangeti, kapena lowetsani thabwa lalikulu pakati pawo. Zikakanika, anthu awiri agwire aliyense miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi chakuntchafu, anyamule ngati wilibala, n'kubwerera m'mbuyo mozungulira kuti galu asatembenuke. Ngati wina wagwira osasiya, musakoke, mnofu ungang'ambike. Dikirani atsegule kukamwa pofuna kugwiranso, ndiye kokani. Akasiyana, atsekereni kosiyana nthawi yomweyo. Metani ubweya kuzungulira bala lililonse, tsukani ndi madzi owiritsa othira mchere, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita. Kabowo ka dzino kamanamiza: kunja n'kakang'ono, m'kati khungu lasiyana ndi mnofu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu pamatupa mafinya. Bala la pakhosi, pachifuwa kapena pamimba likaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo. Brufen ndi poizoni kwa galu, ndipo Panado asaperekedwe popanda muyeso wa dokotala.

Kuwabwezera pamodzi kusachitike mawa lake. Apume masiku awiri kapena atatu osaonana. Kenako anthu awiri awatenge pazingwe kunja kwa mpanda, kumalo komwe palibe mwini, ayende mbali imodzi motalikirana mamita 5 mpaka 10, mphindi 15 kawiri patsiku. Mpata uzichepetsedwa pokhapokha onse akuyenda momasuka, kununkhiza pansi, osayang'anitsitsana. Akafika poyandikana, anunkhizane kumbuyo masekondi atatu, kenako aitanidwe. Alowe pageti mmodzimmodzi, pabwalo popanda mbale kapena fupa. Njira yomweyi ndiyo yolandirira galu watsopano, komanso wochokera kuchipatala, yemwe fungo la mankhwala limamusandutsa mlendo kwa anzake.

Kufula kumathandiza pa ndewu za amphongo ndi kuthawathawa, koma sikusintha zinthu tsiku limodzi, ndipo wofulidwa kumene angathe kuperekabe bere kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira pang'ono. Sikuchotsa luso lolondera, monga ambiri amaopera. Kutseka wamkazi kumathetsa mavuto obwera ndi nyengo, bere labodza ndi mafinya a m'chiberekero, koma sikuyanjanitsa aakazi awiri omwe adana kale. Ntchitozi zimachitika kwa madokotala a ziweto, komanso ku mabungwe osamalira zinyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Ngati agalu alumana mobwerezabwereza mpaka kusokedwa, kapena mmodzi akumagwira mnzake pakhosi n'kumamukutumula mwakachetechete, kuyenda nawo pazingwe sikukwanira. Otero amafunika mpanda wowalekanitsa usana ndi usiku, wina akatuluka wina akhale m'kati, kapena mmodzi apite kukhomo lina komwe adzakhale yekha, atabayitsa katemera, ndipo omulandirawo auzidwe mbiri yake yonse.

Ndife,
Ena mwa ogwira ntchito za umoyo wa ziweto,
Lilongwe.